Khutu la Eliness

A Ambrosi ankadziwika Bangwe yense chifukwa cha khutu lawo. Galimoto ikamakwera chitunda chopita ku galaja yawo, iwo ankatchula matenda ake isanaime n'komwe. Koma chaka chimenecho makutu aja anali atayamba kugontha. Kutchalitchi ankaimbabe besi monga kale, koma ankachita kuyang'ana pakamwa pa anzawo kuti adziwe poyambira. Ankadziwa zimenezi ndi Eliness yekha, mwana wawo wamkazi, amene ankagwira nawo ntchito chimalizireni maphunziro a umakaniko.

M'mawa wina kunafika Ramsey, mnyamata wa bizinesi ku Limbe, ndi galimoto yofiira ya zitseko ziwiri, yothamanga kwambiri, yaifupi ngati yagwada. Anadandaula kuti kumbuyo kwa galimotoyo kumalira ngati udzudzu. Anali atasinthitsa kale kwina mabering'i, zitsulo zimene matayala akumbuyo amazungulirapo, koma udzudzuwo sunachoke, ndipo anzake anamuuza kuti amene angaugwire ndi a Ambrosi basi.

A Ambrosi anapinda miyendo n'kulowa, ndipo Ramsey anauyamba msewu wa Midima.

"Mwaimva, madala? Ndi imeneyotu," Ramsey ankatero pafupipafupi.

Iwo ankangomva mphepo. Akanatha kungotchula chitsulo china mongopenekera, mnyamatayo akanakhulupirira. Koma akanaphonya, dzina limene analimanga zaka zonsezi likanagwa, ndipo ngakhale akanalasa, Mulungu akanadziwa kuti anama. Anapemphera chamumtima mpaka anabwerera ku galaja.

Atatsika anauza Ramsey kuti abwereze ulendowo ndi Eliness.

"Madala, ine ndatsata inu," anatero Ramsey. "Achemwaliwa angondidetsera mipando ndi girisi."

Eliness anayala chitenje pampando n'kukhalapo. "Mpando wanu ndauveka, achimwene. Tiyeni."

Pamsewu Eliness anauza Ramsey kuti azimitse wailesi ndi kutseka mawindo. Anamupempha kuti akhotere kumanja, kenaka kumanzere, ndipo kulira kuja sikunasinthe. Apo anadziwa kuti mabering'i a matayala alibe mlandu, chifukwa iwo amasintha mawu pokhota. Anamuuza kuti aponde moto, ndipo udzudzu unakweza mawu. Atachotsa phazi unangoti zii. Anabwereza pachitunda, zinali chimodzimodzi.

Atabwerera, Eliness anauza bambo ake mokweza, akuwayang'ana kumaso, kuti vuto lili mu difu, chitsulo chonga chibade chimene chimakhala pakati pa matayala akumbuyo n'kumawagawira mphamvu. Anakweza galimotoyo ndi jeke, n'kuika zochirikiza, n'kulowa pansi. Atamasula bawuti yakunsi kwa difu, m'beseni munagwa oyilo wotuwa ngati tiyi wamkaka. A Ambrosi anaviikamo chala n'kuchipenya padzuwa. Munali tizitsulo tonyezimira.

Eliness anafunsa Ramsey kumene amatsukitsa galimoto yake. Iye anayankha monyadira kuti Loweruka lililonse amapita nayo kukamtsinje ka kumunsi, kumene anyamata amaibweza chambuyo mpaka matayala atamira, kuti asamavutike kutunga madzi. Eliness anamuonetsa kabowo kopumira kamene kali pamwamba pa difu. Anamufotokozera kuti galimoto yaifupi chonchi difu yake imakhala pafupi ndi pansi, ndipo ikalowa m'madzi ozizira ili yotentha imayamwa madziwo kudzera pakabowoko. Madzi anaononga oyilo, ndipo bering'i yam'kati inayamba kudyeka. Anati kukadali m'mawa, mano a magiya angakhale asanaonongeke, koma aona bwino akatsegula.

Ramsey anagwira pakamwa. "Ndiye kuti ndakhala ndikuibatiza sabata iliyonse?"

"Ubatizo ndi umodzi, achimwene," anatero Eliness. "Inu mwaonjeza."

Mnyamatayo anaseka mpaka kutsamira khoma. Kenaka anatembenukira kwa a Ambrosi n'kunena kuti wazindikira tsopano, madala anali ataimva kale paulendo woyamba uja, amangofuna kumuyesa mwana wawo. Eliness anawerama n'kuyamba kupukuta sipanala. Anali wokonzeka kuti nkhani ithere pomwepo.

A Ambrosi anapukuta chala chawo pang'onopang'ono.

"Ayi, mwana wanga. Ine pamsewu paja sindinamve kanthu. Makutu anga atha. Wamva ndi Eliness, ndipo akonze ndi iyeyu. Ngati simukufuna, tengani galimoto yanu mwamtendere."

Ramsey anayang'ana beseni la oyilo, anayang'ana mkuluyo, kenaka anapereka makiyi kwa Eliness ndi manja awiri. Anati anzake a magalimoto otere alipo ambiri, ndipo onse amatsukitsa kumtsinje komweko.

Masana amenewo a Ambrosi anakhala pa tayala lakale pambali pa galimotoyo, akupatsira masipanala. Mumtima ankathokoza Mulungu amene sanalole kuti mphatso ya nyumba yawo ikwiriridwe pansi, koma anaisamutsira mwa mwana. A Mwantumu, mnzawo wa kukwaya, anaima pamsewu n'kufunsa ndi manja kuti akukonza ndani galimoto yokongolayo, popeza pansi pake pankangooneka nsapato.

"Ndi mwana wanga," anayankha a Ambrosi, mokweza kuposa mmene ankaganizira, mpaka amayi ogulitsa tomato tsidya la msewu anacheuka.