Njinga ya Malemu Falesi

Njingayo inali ya mkazi wanga, Falesi. Atamwalira, abale ake anati adzandisudzula chaka chikatha, ndipo tsiku limenelo ndidzawabwezera katundu wake yense. Mwezi wachitatu chimwalirireni, a zankhalango anandigwira nayo pamsewu wa ku Bembeke itasenza matumba awiri a makala. Njinga inatsala kupolisi, ine anandigamula kukakhala kundende miyezi isanu ndi itatu. Za njinga woweruza sananenepo kanthu.

Wapolisi anali atandilembera kapepala kosonyeza kuti njinga aisunga. Pachipata cha ndende anandilanda kapepalako pamodzi ndi lamba ndi nsapato. Ndili m'katimo ndinalembera khoti katatu. Makalatawo ndinkapatsa msilikali wa ndende, yemwe ankangowapinda n'kuika m'thumba la malaya. Potuluka anandibwezera lamba ndi nsapato basi.

Kumudzi, alamu anga a Gervazio sanandifunse za kundende. Anayamba asuzumira kuseri kwa nkhokwe. Kenako anati anthu aiona njingayo pamsika wa Mayani, choncho nditchule amene ndinamugulitsa. Popanda njinga palibe kusudzula, anatero. Ndinawauza kuti tipitire limodzi kukhoti. Anavomera msangamsanga, ngati munthu amene watchera kale msampha.

Kalaliki wa khoti anatisiya pabenchi mpaka masana. Atatiitana anati makalata anga sanawaonepo, failo ili kwina, ndipo popanda kapepala ka polisi sangatsegule chipinda cha katundu wogwidwa. Poyankhula maso ake ankathawira pawindo. Nanenso ndinayang'anako. Pamtengo wa mkungudza panatsamira njinga zinayi, imodzi yopakidwa kumene penti wobiriwira, koma chishalo chake chinali ngati cha njinga ya Falesi.

"Yobiriwirayo ndi ya ndani, bwana?" anafunsa a Gervazio.

"Ya wantchito wathu. Mudzabwere mwezi wamawa."

Tinayenda mpaka pasiteji ya minibasi. Pamenepo a Gervazio anati mwina anandiganizira molakwa. Anati akauza akuluakulu kuti andisudzule Loweruka lomweli, za njinga tingoiwala, boma ndi boma.

"Ayi, alamu," ndinatero. "Mukandisudzula ndiye kuti ndine mlendo. Kukhoti adzandifunsa kuti njingayo ndikuifuna ngati ndani."

"Nanga mukhala womangika chonchi mpaka liti?"

"Mpaka atsegule chipinda chija."

Anandiyang'anitsitsa, minibasi n'kutidutsa. Kenako anafunsa kuti tidzabwerenso pa deti yanji.