Mpando wa Datsun

Makiyi anali kale m'manja mwa a Abednego pamene Keziah ankatuluka m'nyumba. Tenti ya maliro inali isanachotsedwe. Phulusa linali likadali pabwalo. Pansi pa mtengo wa mango panaima Datsun SSS yofiira ya bambo ake, malemu a Phineas.

A Abednego, mng'ono wa malemu, anachokera ku Katete kudzagawa katundu. Wailesi anali atatenga. Masuti atatenga.

"Motoka ni ya banja," anatero. "Izayamba kunyamula bantu ku Chipata. Na nkhuku zomwe."

A Gilson a ku Woodlands anagwira pachifuwa. Iwo ndi malemu ankakumana Loweruka, eni ma SSS okhaokha. Wobwera ndi Fiat ankaimika patali.

"Nkhuku mu SSS? Ba Abednego, iyi si Fiat ya ku Livingstone. Makabuleta yabili iyi. Mu Lusaka tili bang'ono. Nigulitseni ine, inkhale pakati pa banzake."

"Nanga ine?" anafunsa Keziah.

"Iwe uzakwela ya bamuna bako," anatero a Abednego.

"Kilachi yake ni yolimba, mwana wanga," anawonjezera a Gilson. "Si ya mwendo wa mukazi."

Kilachiyo Keziah ankaidziwa. Maso a bambo ake atayamba kufooka, ndiye ankawayendetsa kuchoka ku Chelstone mpaka m'tauni, ataika pilo kumsana kuti mapazi afike. Bambo ake anali aatali. Iye anatengera mayi ake.

"Siichoka pano, tate," anatero, naima pageti.

A Abednego anatsegula chitseko. Anali aatali ngati mkulu wawo. Analowetsa mwendo. Bondo linagunda chiwongolero. Anakoka kachitsulo kobwezera mpando kumbuyo. Osasuntha. Anakokanso, thukuta kamukamu.

A Gilson anagwada, nasuzumira pansi. Anadzuka pang'onopang'ono.

"Banawotchelela. Mupando wa SSS! Motoka yamene malemu sibanali kulola muntu kuikapo na kapu."

"Ndani wachita ivi?" anafunsa a Abednego.

A Imelda, akazi a malemu, anali pamphasa. Ndiwo anayankha.

"Malemu beve beka. Sabata yamene banagona mu chipatala, bakalibe kuyenda. Banaitana wa weluding'i wa ku Kabwata, mwana ali ku nchito. Banatenga siketi yake, kupimila utali wa mendo." Anakonza duku. "Ofuna kudula, adule. Eni bake baona."

A Abednego anatulutsa mwendo wawo. Anayang'ana makiyi, anayang'ana mpando. Keziah anachoka pageti, natambasula manja onse awiri. Sanawabweze mpaka makiyi atagweramo.

Anakhala. Mapazi anafika. Msana unakhudza mpando, koyamba.

Pilo uja anali kumbuyo. Anamutenga, namusasa fumbi, namuika pa mpando wa pambali pomwe bambo ake ankakhala. Kenako anaponda kilachi mpaka pansi.