Nyimbo Yachitatu pa Mbale ya Mpangele

Ndinabwerera ku Bulawayo nditatha zaka makumi anayi ndi chimodzi kunja, ndipo m'sutikesi mwanga munali chinthu chimodzi chokha chimene abale akanandikhululukira nacho: mbale ya galamafoni. Nyimbo yachitatu pa mbaleyo ankaimba ndi mlongo wanga Thenjiwe. Iye anamwalira ine nditangotha zaka ziwiri ku Leeds, ku Mangalande, ndipo kumaliro ake sindinabwere. Anasiya mwana wongoyamba kuyenda, Nokuthaba, amene lero ndi mayi wa imvi zoyamba koma liwu la mayi ake salidziwa. Ndikanatha kujambula nyimboyo pa kaseti n'kumutumizira kalekale. Sindinatero. Munthu amene alibe china chobwerera nacho kwawo sagawa chimodzi chokhacho. Ndinangomulonjeza pa foni kuti mayi ake ndibwera nawo ndekha, m'manja.

Achinyamata a lero sadziwa Mpangele, ndipo m'mabuku onse amene ndawerenga onena za nyimbo za dziko lino dzinalo mulibe. Olemba mabuku amakonda oimba okhala ndi nkhope. Mpangele inali kampani ya mzungu wina, Rademeyer, amene poyamba ankagulitsa mapoto m'magolosale, ndipo atayamba kudinda mbale anazigulitsa ngati mapoto omwewo. M'sitolo za nyimbo za m'tauni, momwe unkalowa utavala jekete, mbale zake sankazilandira. Unkazipeza pa kathandala ka waya kozungulira, pafupi ndi makandulo ndi sopo, m'golosale, m'butchala, pomwetsera mafuta. Mtengo wa mbale imodzi ya m'tauni unkagula za Mpangele zitatu.

Nyimbo zake zinali zomwezo za kutsidya kwa nyanja zimene zinkavuta pa wailesi, koma oimba anali a konkuno, otengedwa m'makwaya kuti atsanzire. Maina awo sankalembedwa. Pachikuto ankaikapo mtsikana womwetulira amene sanaimbepo ndi liwu limodzi lomwe. Thenjiwe anapita kukaimba kumeneko Loweruka lina masana, ndipo tsiku limene ndinkakwera sitima kuthawa nkhondo, anathamangira pa kasitolo ka pasiteshoni, mimba ili patsogolo, n'kundigulira mbaleyo.

"Yachitatu ndi ine," anatero. "Usakaikande."

Sindinaikande. Ndinaimvera m'zipinda zozizira zonunkha chinyezi, ndinaimvera tsiku limene telegalamu ya imfa yake inafika, ndinaimvera mkazi wanga atandisiya. Ndinkadziwa pamene akupumira, ndi pamene liwu likunjenjemera pang'ono asanakwere m'mwamba.

Kwa Nokuthaba kunalibe galamafoni. Ndani akusunganso zimenezo? Atafunsafunsa anamva za mkulu wina ku Makokoba, Mdala Fuzwayo, wokonza mawailesi. Ananditengera kumeneko pa galimoto yake m'mawa wa Lachisanu. Tinadutsa ku Belmont, kumene mafakitale ankalira likhweru mzinda wonse n'kudzuka. Tsopano m'zinyumba zimenezo muli matchalitchi, ndipo chimene chimadindidwamo ndi zozizwitsa. Anandisiya pachipata n'kupita kukagula zakudya za alendo, chifukwa anali ataitana abale onse kuti Loweruka adzamve mayi ake.

Fuzwayo anali nkhalamba ya magalasi omanga ndi waya, itakhala pakhonde lodzaza mawailesi akufa. Nditatulutsa mbale m'chikuto, anaona chithunzi cha nkhanga, chizindikiro cha Mpangele, pakati pake n'kuomba m'manja.

"Mayo ine, nkhanga yanga! Zaka khumi ndi zitatu ndinaima pa makina odinda zimenezi. Taonani dzanja ili. Chala chimodzi chinatsala komweko, mpaka lero chikugwirabe ntchito."

"Mlongo wanga ali pamenepo, Mdala. Thenjiwe Hlabangana. Nyimbo yachitatu."

"Wamtali uja, wa kwaya ya ku Mzilikazi? Woyankha azungu? Ameneyo saiwalika."

Anapendeketsa mbaleyo padzuwa n'kuyang'anitsitsa pafupi ndi kapepala ka pakati, pamene nyimbo zimathera. Kumwetulira kuja kunachoka.

"Munaigula liti?"

"Julaye, chaka cha 77."

"Tabwerani kuno, mfana wa ku Mangalande. Maso anu ndi aang'ono kuposa anga. Mukuona timizere apa?"

"Ndikuona tiwiri."

"Tiwiri. Ndinakanda ndine, ndi msomali."

Anandiuza ndikhale, koma sindinakhale.

"Tepi inali yosowa nthawi ya nkhondo ija," anatero. "Akajambula Loweruka, Lolemba adula chidindo chachitsulo, Lachiwiri tepi ija afufuta, ajambulapo zina. Chidindo nacho sichikhala mpaka kalekale. Chikadinda zikwi zingapo chaperepeseka, mwina chang'aluka. Ndiye mbale ikakhala ikuyendabe malonda, mzungu uja ankangoti itanani anthu aimbenso. Chikuto chomwecho, nambala yomweyo, mtsikana yemweyo ndi mano ake. Ife tinkakanda mzere kuti tisasokoneze. Umodzi ndi oimba oyamba. Iwiri ndi obwereza."

"Ndiye anaimbanso kachiwiri."

"Ndi mimba ija? Mpweya unali utamuthera, ankapuma ngati wakwera phiri. Anabweretsa mnzake wa m'kwaya, MaSiziba. Uyu muli nayeyu ndi MaSiziba."

Ndinakhala pansi osayang'ana, pamwamba pa wailesi ya munthu. Zaka makumi anayi ndi chimodzi! Ndinkalirira mkazi amene sindinamuonepo.

"Mukunama, Mdala."

"Ine ndiname, chabwino. Nanga msomali?"

"Za mzere umodzi zili kuti? Payenera kukhala ina penapake."

"Zotsala m'magolosale, galimoto inkazitola pakatha miyezi itatu. Tinkazipera ngati chimanga, n'kuzisungunula, n'kudinda zatsopano. Zogulidwa, anthu ankavinira mpaka kutha, kenako ana n'kumaponyerana pamsewu. Ndani amasunga chinthu chogula pamodzi ndi chiwindi? Inu nokha." Anagogoda mbaleyo ndi chikhadabo. "Mwina mlongo wanu alimo ndithu muno, m'pulasitikimu. Koma woperapera."

"Munkanamiza anthu."

"Tinanamiza ndani? Taonetsani pamene talemba dzina."

Ndinatembenuza chikuto chimene ndimachidziwa kuposa chiphaso changa. Panalibe dzina. Ndinali ndikudziwa kale kuti palibe.

Anasintha singano pa galamafoni yake n'kuika nyimbo yachitatu. Liwu linatuluka lomwelo, kupuma pomwepo, kunjenjemera pomwepo. Ndinatchera khutu ngati wapolisi kufuna pamene pakusiyana, koma kusiyana ndi chiyani? Liwu lenileni la Thenjiwe ndinalibe poliyerekeza. Mbale iyi inali italifufuta m'mutu mwanga monga Rademeyer anafufutira tepi.

Galimoto ya Nokuthaba inaima pachipata. Fuzwayo anachotsa singano msanga n'kundinong'oneza.

"Ine m'kamwa mwatsala mano atatu, mawu satuluka bwino. Mukafuna, mzere ndi umodzi."

Bodzalo linali lokonzeka, ndipo likanagwira ntchito mpaka tonse kufa. Nokuthaba analowa akupukuta manja pa siketi. Sanafune mpando. Anavula nsapato n'kukhala pasimenti pafupi ndi galamafoni, miyendo atatambasula, ngati mwana wodikira kusambitsidwa.

"Malume, yalira? Ndimve kaye ndekha, mawa ndingadzachite manyazi pagulu."

"Yalira," ndinatero. Kenako pakamwa panapitirira pokha. "Koma si mayi ako."

Ndinamufotokozera za tepi, za chidindo, za msomali, za MaSiziba. Anamvetsera osaphethira. Nditamaliza anayang'ana zala zake zakumapazi.

"Zaka zonsezi, Malume, simunazindikire kuti si mlongo wanu?"

Kenako anavala nsapato n'kutembenukira kwa Fuzwayo.

"Mayi ameneyo ali moyo, Mdala?"

"Ali ku Njube. Amagulitsa tomato pachipata, mukangopitirira sukulu. Mukamuuze kuti Fuzwayo akadali mbeta."

MaSiziba tinamupeza akusankha tomato m'beseni, mayi wamfupi wa thupi, wovala chipewa chaubweya dzuwa likuswa mtengo. Nokuthaba atangotchula dzina la mayi ake, mayiyo anataya tomato n'kumugwira nkhope ndi manja onse awiri.

"Mwana wa Thenjiwe! Iwe ndinakudziwa usanabadwe, unkandimenya mateche ndikamaphunzira nyimbo. Nanga agogo awa ndani?"

"Ndi malume, a Zenzo."

"Zenzo wa mabuku? Hawu! Mangalande yakudya tsitsi, mwana wa amayi."

Anatipatsa mabokosi a tomato kuti tikhalepo. Ndinamuonetsa mbale ija ndipo anaseka mpaka kutsokomola.

"Masabata awiri ndinagona kwa mayi ako, mwana wanga. Mzungu uja sankafuna kuti nditsanzire woimba wakunja ayi. Ankafuna mbale yachiwiri ifanane ndi yoyamba, ogula asadandaule. Ndiye ine ndinkatsanzira Thenjiwe akutsanzira mkazi wa ku Amereka. Ndikapuma polakwika, mthiko pamsana. Apa puma, apa njenjemera, apa usafuule ngati uli pamaliro. Ndinamumeza yense, mayendedwe ndi kaseka komwe. Mwamuna wake ankayankha ndikamuitana kuseri kwa chitseko."

"Ndiye ankadziwa," ndinatero. "Pogula pasiteshoni paja, ankadziwa kuti si iye."

"Osadziwa bwanji? Zake zinali zitatha kalekale m'magolosale. Anazungulira tauni yonse ndi mimba ija, mpaka m'mabutchala a ku Luveve, osapeza. Ine ndinamufunsa kuti nanga mlongo wako akazindikira? Iye akuti, Zenzo? Ameneyo amawerenga, samva."

Anasekanso, ndipo Nokuthaba naye kamwa linagwedera. Ine ndinaweramira mbale imene inali pamiyendo panga.

"Ndikuimbire, mwana wanga? Liwu lapita, koma popumira ndikukumbuka."

"Nyimboyo isiyeni, Mama," anatero Nokuthaba. "Ndi ya mkazi wa ku Amereka. Ine ndikufuna kudziwa mmene ankayankhulira. Akamaitana munthu, ankati bwanji?"

MaSiziba anavula chipewa chija n'kuchiika pa tomato. Anaimirira pang'onopang'ono atagwira bondo, koma ataongoka anaoneka wamtali kuposa mmene analili. Anaika dzanja limodzi m'chiuno, chibwano n'kuchitukula, diso lakumanzere n'kulitsinzina pang'ono. Tsitsi langa lotsala linaima asanatsegule n'komwe pakamwa.

"Zenzo! Iwe Zenzo! Tseka chibukucho, madzi akutha pampopi! Kodi zilembozo udzasamba?"

Ndinapezeka ndaimirira. Sindikudziwa kuti ndinadzuka liti. Bokosi linali litagubuduka kumbuyo kwanga, mbale ili pafumbi, ndipo maso anga ankasakasaka ndowa pabwalo la munthu wachilendo. Mayi wina wodutsa mumsewu anaima kutiyang'ana. Liwu limenelo silinkafanana ndi la pa mbale ngakhale pang'ono. Linali lokhakhala, lothamanga, lothera m'mphuno, ndipo ndinali nditaliiwala kotheratu mpaka nthawi imeneyo.

Nokuthaba sanandifunse ngati anali mayi ake. Umboni wa pakamwa panga unali utatha mtengo m'mawa womwewo. Anangoyang'ana bokosi langa logubuduka lija, n'kukokera bokosi lake pafupi ndi MaSiziba.

"Tsopano itanani ine, Mama."

"Iwe sankakufuulira," anatero MaSiziba, liwu lake lomwe litabwerera. "Iwe ankakuitana chapansipansi. Sendera kuno, ubweretse khutu."