Kabokosi ka pa Thanki

A Gervazio, munthu wa ku Nsanje, anali atasesa bwalo la Mayi Matewere ku Sunnyside kwa zaka khumi ndi zinayi. Masamba akachuluka ankawaunjika kuseri n'kuwatentha, monga amachitira aliyense. Koma mu Ogasiti a Lucius a kuseri kwa mpanda, amene amadwala mphumu, anabwera kudzadandaula ali wefuwefu. Mayi Matewere sanazungulire.

"Ankolo, utsi ukadzatulukanso pakhomo pano, mudzalongedze."

Kulongedza kunatanthauza kusiya ntchito, kusiyanso kanyumba ka kuseri komwe ankakhala ndi akazi awo. Machesi anawaika patali.

Patangotha sabata, Marjorie, mwana wa mayiwo amene ankaphunzira ku yunivesite ku Chichiri, anabwera ndi kabokosi koyera n'kukamangirira pa nsanja ya thanki ya madzi.

"Kamagwira ntchito yanji aka?" anafunsa a Gervazio atagwirira makwerero.

"Kamanunkhiza utsi, ankolo. Kakaumva kamandiuza pa foni."

A Gervazio anangoti, "Ohoo." Koma mumtima anawerenga masiku. Dandaulo ndi chenjezo sabata yatha, lero kabokosi. Nanga bwanji kayang'ane kumene iwo ankaunjika masamba? Mpanda wonsewu, malo anasowa?

Seputembala atalowa, kumwamba kunachita mbuu. Phiri la Soche linazimirira, dzuwa n'kumatuluka lofiira ngati phwetekere, ndipo timaphulusa tinkatera pa zovala zoyanika. A Gervazio sanayatse kanthu, koma ankadziwa kuti kabokosi kalibe maso, kali ndi mphuno yokha. Kakanena kuti kamva utsi, ndani angafunse kuti utsi wa yani? Anakwera makwerero, anakaveka thumba la feteleza n'kumanga ndi linya.

Tsiku lachitatu Marjorie anatulukira m'mawa osanena. Anaima pansi pa thanki, manja m'chiuno.

"Ankolo, kabokosi kanga kayamba liti kumva chisanu?"

"Dzuwa, anti. Ndimati kangapse."

"Pa kompyuta ndinawerengera mphepo, ndinapeza kuti utsi wa ku Mozambique ufika kuno Lachiwiri. Wafikadi, tauni yonse ikutsokomola. Koma kabokosi kakuti mpweya wa ku Sunnyside ndi woyera ngati wa pamwamba pa Mulanje. Aphunzitsi anga akuti mwina mutu wanga ndiye wolakwika."

A Gervazio anatsamira tsache. "Tiyeni tilankhule chilungamo. Amayi anu ndiwo anakutumani kuti kazindilonda."

"Inuyo? Ndikulondereni chiyani?"

"Ndi zimene ndikufunsa."

Marjorie anatsegula foni n'kuwaonetsa chithunzi cha dziko chojambulidwa kuchokera kumwamba. Kum'mawa kwa malire kunali timadontho tofiira tambirimbiri, ndi mkwasa wotuwa wodutsa pamwamba pa Mulanje kulunjika ku Blantyre.

"Kadontho kalikonse ndi moto. Ndikufuna kudziwa kuti pa utsi umene tikupumawu, wochokera kunja ndi wochuluka bwanji, wathu womwe ndi wochuluka bwanji."

A Gervazio anayang'ana nthawi yaitali. "Awo ndi osaka mbewa ndi otentha tchire. Mwezi uno tsidya lija limayaka usana wonse. Ine ndinaumva kale. Ndi fungo la tsekera limeneli, si la masamba a mango."

"Nanga osanena bwanji?"

"Wosesa pabwalo anene kuti utsi wachokera dziko lina? Akanati mkuluyu wapeza bodza lalitali."

Nthawi yomweyo Mayi Matewere anatulukira pakhonde, foni ili m'manja. A Lucius anali atangoimba kumene kuti chifuwa chawatseka.

"Ankolo, tabwerani kuno."

A Gervazio anapita, chipewa chili m'manja. Marjorie anawapitirira n'kukaika timadontho tija pamaso pa amayi ake, akufotokoza za mphepo ndi malire. Mayiwo anavala mandala, anayang'ana foni, anayang'ana kumwamba, kenaka anayang'ana ku thanki.

"Nanga thumba ilo?"

"Ndinawauza ndine kuti azikasamala," anayankha Marjorie. "Angopitiriza muyeso."

Mayi Matewere anapumira m'mwamba. "Chabwino. Ndiwauza a Lucius akadandaule ku Mozambique. Inu chotsani thumbalo, ntchito ipitirire."

A Gervazio ali pamakwerero akumasula linya, Marjorie anawaitana ali pansi.

"Ankolo, mundithandize chimodzi. Wina aliyense akayatsa moto pafupi pano, muzindiuza tsiku ndi nthawi, kuti ndisausokoneze ndi wa kunja."

A Gervazio anasuzumira kuseri kwa mpanda. Kumeneko a Noel, mnzawo wosesa kwa a Lucius, anali akuunjika masamba mulu waukulu pansi pa mtengo wa mapeyala, akuyang'ana uku ndi uku.

"Mayina nawonso?" anafunsa.

"Ayi, nthawi yokha."

"Tiona, anti," anatero, akutsika pang'onopang'ono.