Labas pa Wailesi ya Bassou

Tsiku lachitatu chichitikire chivomerezi, Bassou analeka kuyang'ana kumsewu n'kuyamba kufukula mabwinja a shopu yake. Msewu wokhawo wotsikira kuchigwa unali utakwiriridwa ndi theka la phiri, mafoni onse anali zii, ndipo mkazi wake Yamna anali gone pachitseko pabwalo la mzikiti. Mtanda wa denga unamuphwanya mwendo, ndipo mwendowo unali utatupa n'kuyamba kuda. Aliyense m'mudzi wa Tizgilt ankadziwa kuti popanda helikopita mayiyo safika Lachisanu, koma palibe amene ankatchula.

Bassou anali wokonza mawailesi, ntchito imene inafa mafoni atabwera. Mwini wake yekha ndiye sanamve za malirowo. Kwa zaka zambiri ankapanga kawailesi kotumizira mawu m'chitini cha tiyi, pogwiritsa ntchito zidutswa za mawailesi akufa. Chiphaso analibe, choncho anangokayesa kawiri mobisa, ndipo palibe anamuyankha. Yamna ankatcha chitinicho mkazi mnzake. "Pitani kwa mkazi mnzanga, mwina iye akuphikirani," ankatero chakudya chikazizira.

Chitinicho anachipeza pansi pa dothi, chitaphwanyika mbali imodzi. Akupukuta fumbi, kunafika Dda Hammou, mkulu woyandikana naye nyumba, amene dzulo lake anali ataika m'manda ana ake awiri.

"Labas, Bassou?"

"Labas, Mulungu ayamikike. Inu labas?"

"Labas."

Ndi momwe timachitira kwathu. Munthu akakufunsa ngati palibe choipa, umayankha kuti labas, palibe choipa, ngakhale nyumba ikupsa kumbuyo kwako. Mavuto amadikira moni athe kaye. Woyamba ndi kudandaula timati sanaleredwe, ndiponso akunyoza Mulungu amene wamusiyira mpweya.

"Ndiye ukufukula mkazi wamng'ono wamkulu ali gone uko?" anafunsa Hammou.

"Ameneyu ndi amene angapulumutse wamkuluyo. Ndigwirireni pulayala."

Chimene chinamupatsa mtima chinali wailesi yake yomvera, ya mabatire a tochi. Kuyambira dzulo lake ankamvamo mawu a munthu wina wa kutauni ya kuchigwa, wotchedwa mwaulemu kuti Si Abdelkebir, katswiri wa mawailesi amenewa, akuitana midzi ya m'mapiri umodziumodzi. Zimene katswiriyo ankamva ankakauza otumiza helikopita. Katatu anali ataitana Tizgilt, ndipo katatu Bassou anayankha mofuula kwa wailesi yopanda makutu.

Magetsi kunalibe, choncho anatenthetsa msomali pambaula n'kumalumikiza mawaya ndi mtovu. Tiranzisita yaikulu, imene imakankha mawu kuti apite kutali, inali itathyoka miyendo, ndipo m'mabwinja monse anapezamo ina imodzi yokha. Batire anachotsa pa sola ya kumzikiti. Hammou, ndi ukalamba wakewo, anakwera makwerero n'kumanga waya wamtali kuchokera pamtengo wa mkungudza kukafika pansanja ya mzikiti, imene inali itang'aluka koma ikadali chiimire.

"Waya ameneyu akaduka ndikuyankhula, tiranzisita ipsa," anatero Bassou. "Mwamangitsa?"

"Ndamanga abulu zaka makumi asanu, palibe anathawa. Iwe yankhula."

Dzuwa lili paliwombo anthu anasonkhana mozungulira. Amene kale ankamuseka chifukwa cha chitinicho tsopano anaima phee ngati ali pa swala. Bassou anadina batani.

"Si Abdelkebir, Si Abdelkebir, kuno ndi ku Tizgilt. Mukundimva?"

Phokoso lokhalokha. Anabwereza, napotoza pang'ono kachitsulo ka mkati, nabwerezanso. Chitini chinayamba kufunda m'manja mwake. Kenako mawu anatuluka m'wailesi yomvera ija, otopa, osasa.

"Ndani ameneyo? Mukumveka patali kwambiri, m'bale wanga. Mwati Tizgilt?"

"Tizgilt, inde, Tizgilt."

"Mulungu ndi wamkulu. Takhala tikukusakani. Tizgilt, labas?"

Munthuyo sankapereka moni. Anali ndi pepala patsogolo pake ndi midzi makumi atatu yoti aikemo chizindikiro, ndipo ankafunsa funso lenileni. Koma Bassou anali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zitatu, ndipo pa zaka zonsezo funso limeneli linali ndi yankho limodzi. Pakamwa panayankha mutu usanaganize.

"Labas, labas, Mulungu ayamikike. Tonse labas. Inu kumeneko labas? Kunyumba..."

Nthaka inagwedezeka. Sikunali kugwedezeka kwakukulu, koteroko kunkabwera kangapo pa tsiku ndipo ana anali atasiya kulira nako. Koma nsonga ya nsanja inagumuka, waya anagwa pansi, ndipo m'chitini munatuluka kautsi koonda ndi fungo limene wokonza mawailesi aliyense amalidziwa.

Bassou anapitiriza kuyankhula. Ananena za Yamna, za mwendo, za ovulala ena asanu ndi awiri, za madzi. Ananena zonse bwinobwino, mwadongosolo, kwa chitini chakufa.

Wailesi yomvera ija inali bwino, ndipo kumeneko ndiye kunali kuwawa kwake. Onse anamva Si Abdelkebir akuitana kawiri, kenako akuuza munthu wina pambali pake: "Tizgilt ayankha. Akuti onse ali bwino. Achotseni pa mndandanda wa lero, helikopita ipite kwa amene sanamveke."

Palibe anamukalipira. Zikanakhala bwino wina akanamutukwana, koma angatukwane bwanji munthu chifukwa choti wayankha moni? Aliyense pamenepo ankadziwa kuti akanayankha chimodzimodzi. Anthu anabalalika mmodzimmodzi, maso pansi.

"Ine ndiye ndinamanga pansanja," anatero Hammou. "Mlandu ndi wanga."

"Ndinali ndi mpweya wa mawu khumi, Dda Hammou. Onse ndawathera pa ulemu."

Masana onse anaphwasula chilichonse chokhala ndi waya. Anatsegula nyali za sola, foni za anthu amene anafa, choimbira cha mwana wina. Tiziwalo ta zinthu zamakono n'tating'ono ngati nthata, msomali wa pambaula sungatigwire. Anayesa tiranzisita ziwiri zazing'ono, zonse zinapsa asanamalize kutchula dzina la mudzi. Hammou anati mawa akwera bulu kudutsa pamwamba pa phiri, ulendo wa masiku awiri ngati njira ikadalipo. Onse awiri anawerenga masikuwo chamumtima.

Dzuwa litapendeka anamva helikopita. Amayi anathamanga ndi mabulangete ofiira n'kumakupiza. Inadutsa kutali, kuseri kwa phiri, kulunjika chigwa china, ndipo phokoso lake linachepa mpaka kutha.

Bassou anasamba m'manja, natenga tiyi wofunda, napita pamene panagona mkazi wake. Yamna anali atatsegula maso, milomo itauma, thukuta lili pachipumi. Anayang'ana zala za mwamuna wake zopsa ndi mtovu.

"Mkazi mnzanga wayankhula?" anafunsa motsitsa.

"Wayankhula."

"Amumva?"

"Amumva bwino kwambiri."

Yamna anamwetulira pang'ono. "Ndiye ndinkamuchitira nsanje pachabe."

Bassou anamuthandiza kudzutsa mutu, namumwetsa tiyi. Ankafuna kumuuza zoona, koma mawu anakana kutuluka. Chimene chinatuluka ndi chomwe chimatuluka nthawi zonse.

"Nanga iwe, Yamna, labas?"

Mayiyo anakukuta mano mpaka ululu unadutsa, kenako anagwira dzanja la mwamuna wake.

"Labas," anatero. "Mulungu ayamikike."