Mamonita Ofuna Pakamwa Potseka

Alamu anga a Wickson amalankhula. Sindikunena kuti ndi ochezeka ayi, ndikunena kulankhula kwenikweni, koti ukawafunsa nthawi amayamba akuuza kumene anagula wotchi. Ine ndimagona nawo chipinda chimodzi ku Rawdat Al Khail, kuno ku Doha, bedi lawo pansi langa pamwamba, ndiye ndikudziwa chimene ndikunena. Iwo amagwira ku hotela, kuyala mipando ndi kulumikiza masipika m'holo ya maukwati. Ine ndine gadi.

Anakwatira mlongo wanga Flossie, amene anatsala ku Ntcheu, ndipo unkhoswe wa banjali unagwera ine. Flossie ndi munthu wa mawu ochepa, wolankhulira pansi. Akaimbirana foni iye amangokwanitsa "Muli bwanji kumeneko?" basi, zotsalazo ndi za alamu. Makamaka chibwerere ku holide, atamva kuti Flossie ali ndi pakati, eee, anasanduka anamwino. Muzidya masamba, musasenze ndowa, musakwere kabaza, mwana ameneyo adzaimba kwaya ngati bambo ake. Mpaka bandulo kutha.

Tsiku lina Flossie anaimbira ine.

"Achimwene, ndatopa. Ndili ndi nkhani yoti ndiwauze alamu anu, koma ndikangoti ndiyambe amandidula. Lachisanu likubwerali ndiyesa komaliza. Akandidulanso ndimanga katundu wanga, ndibwerera kwa amayi. Nkhaniyo adzaimvera kwa anthu."

"Tandiuza ine, ndikawafikitsira."

"Si nkhani ya inu."

Mlongo wanga saopseza. Akati ndinyamuka ndiye kuti chikwama wapukuta kale fumbi. Ndinada nkhawa kwambiri, chifukwa alamu angawa ngakhale amandisokosa ndimawakonda, ndipo iwo Flossie amamukonda ndi mtima wonse. Kungoti chikondi chawo chimatulukira pakamwa chonse.

Tsono pamene Flossie ankavutika chonchi, mutu wa alamu unali pa mamonita. Nkhani yake inayamba miyezi ingapo m'mbuyomo, ataona oimba a bandi ina ku hotela atavala tinthu tonyezimira m'makutu. Anafunsa, anafufuza, mpaka anagula awo. Mtengo wake sindinena, ndine nkhoswe.

"Mahedifoni abwino," ndinatero tsiku limene anabwera nawo.

"Alamu, chonde, musawanyoze. Awa si mahedifoni, ndi mamonita. M'kati mwa kamodzi muli timasipika tingapo, kena ka besi, kena ka mawu, kena ka tizitsulo tija timalira pamwamba. Mukavala mumamva mpaka woimba akumeza malovu."

"Ndiye malovu a munthu mukuwamvera chiyani?"

Vuto linali loti makutu awo anawakana. Kumapeto kwa monita aliyense kumakhala kamphira kolowa m'khutu, ndipo kamphirako kakapanda kutseka bwino besi yonse imathawa. Alamu anayesa timphira tating'ono, tinkapulumuka. Anayesa tatikulu, khutu linatupa. Anaitanitsa tasiponji toti umatifinya kaye tikafufumire m'kati, tinkawayabwa. Timphirato tinadzaza chitini cha mkaka, ndipo aliyense wolowa m'chipinda mwathu ankaphunzitsidwa za kamodzi kamodzi, afune asafune.

Kenako anamva kuti alipo amisiri kunja amene amachotsa timasipika tija n'kutiika m'chigoba chatsopano choumbidwa molingana ndi khutu la mwini wake. Chofunika n'kuwatumizira chikombole cha khutu lako.

"Chikombole? Mukufuna kuumba njerwa m'khutu?"

"Sekani alamu, sekani. Mudzandibwereka."

Zikombole zoterozo amatenga ku kiliniki ina ya makutu ku Al Doha Al Jadeeda, ndipo ndinawaperekeza tsiku la ofu. Chimene sindinawauze n'chakuti pa kilinikiyo pamagwira mai athu aang'ono, a Monica, mng'ono wawo wa amayi athu, namwino amene anabwera ku Doha kale ife tisanalote. Ndinangoti ndione.

Alamu analankhula njira yonse, analankhula pa benchi, anali pakati pofotokozera Mfilipino wina za besi pamene chitseko chinatseguka.

"Edwin! Ndipo awa si akamwini?" anatero mai aang'ono atangondiona.

Zii. Kwathu mng'ono wa amayi ako ndi amayi ako, ndiye kwa alamu amenewa anali apongozi enieni. Alamu anga zambiri za kumudzi anazisiya pa eyapoti, amavala kabudula, amati "yala" ndi "khalasi" m'Chiarabu ngati anabadwira kuno, koma za apongozi sanasiye. Mkamwini sayang'ana apongozi m'maso, sadya pamaso pawo, akakumana nawo panjira amapatukira kutchire. Mu kiliniki munalibe tchire. Anangovula kapu, maso pansi, manja pamodzi.

Mai aang'ono anawakhazika pampando, anawaunika m'makutu, n'kulowetsamo kathonje ka ulusi. Kenako anatenga kapulasitiki kangati chidutswa cha sopo.

"Lumani aka, akamwini. Ndikuthirani phala m'khutu, ndipo pakamwa pakhale potsegula mpaka liume. Munthu akayasamula njira ya m'khutu imatakasuka. Tikatenga chikombole mutatseka pakamwa, zinthu zanuzo zizidzakhwefuka mukamalankhula."

Alamu analandira ndi manja awiri. Anakafikitsa pamlomo. Mai aang'ono atangozungulira kumbuyo kwawo ndi chisirinji cha phala la buluu, iwo anakabweza m'dzanja, n'kutseka pakamwa kuti gwa, kapu ataphimba nayo kumaso.

"Alamu, lumani," ndinanong'ona.

"Ndiyasamule pamaso pa apongozi?" anayankhira m'mano. "Ndizichita kukukuta ngati ndapatsidwa chimanga? Iyayi."

Phala linauma choncho, makutu onse awiri. Potuluka anagwada pang'ono pakhomo, ndipo mawu anawabwerera titafika pa siteji ya basi.

Mamonita anabwerako kwa amisiri aja patapita milungu, oonekera m'kati ngati maswiti. Alamu anasamba m'manja, anakhala pabedi, n'kuwalowetsa mopotoza. Analowa ngati anabadwa nawo. Anatsinzina. M'chipinda munali bata loti kwa nthawi yoyamba ndinamva kulira kwa firiji yathu.

"Alamu! Besi yake ndiye..."

Sanamalize. Nkhope inasintha, ndipo monita wa kumanja anasolomoka n'kulendewera pa waya. Anamubwezera, anatsinzina, anamwetulira.

"Ndimati besi yake..."

Anasolomokanso.

"Ndikangotsegula pakamwa mphepo ikulowa, nyimbo ikuthawa," anadandaula.

"Ndiye kuti akugwira ntchito," ndinatero. Ndinaseka mpaka kutsala pang'ono kugwa pabedi lapamwamba, ndipo anandikwiyira tsiku lonse, mokweza.

Munthu uja sanagonje. Anamva kuti ena amapaka polishi wa zikhadabo pa chigoba kuti chinenepe pang'ono. Anakagula, mwamuna wamkulu ndi ndevu zake, akuuza wogulitsa kuti ndi wa madamu. Anapaka, koma kudikira kuti aume kunawakanika, moti anavala akadali wonyowa. Povula anatuluka ndi tsitsi la m'khutu, ndipo kukuwa kwake anzathu a chipinda china anabwera akuthamanga. Anapala polishi yense ndi lezala. Anayesa kuzolowera kulankhulira m'mano, koma nkhani ikakoma ankaiwala. Mapeto ake anavomera kuti chikombole chitengedwenso, ndipo anandituma ine kwa mai aang'ono.

"Ndinadziwa," anatero mai aang'ono pa foni, akuseka. "Uwauze abwere Loweruka. Chikombole adzatenga mnzanga, ine ndidzatuluka panja kuti ayasamule bwino."

Apa n'kuti Flossie atanena kale za Lachisanu lija. Ndinayesa kuwatsina khutu alamu.

"Lachisanu mukaimbira kumudzi mumvetsere. Mlongo wanga ali ndi mawu."

"Ine alamu? Ine ndimamvetsera. Ndipo nkhani ya kumvetsera imeneyi ndikuuzeni, anthu ambiri sadziwa..."

Anandifotokozera za kumvetsera mpaka nthawi ya shifiti yanga inakwana. Ndinapita kuntchito mtima uli m'mwamba.

Lachisanu madzulo anzathu a shifiti ya usiku anali akugona, ndiye tinapita ku Corniche, m'mphepete mwa nyanja, kuti akaimbire kumeneko. Alamu anasiya mamonita pabedi, ati n'ngachabe mpaka akonzedwe. Ine ndinawatola n'kuika m'thumba. Nyengo yotentha inali itatha, ndiye Doha yense anali panja. Mabanja, njinga, maboti okweza alendo aliyense ndi nyimbo zake, kuwonjezera mphepo ya panyanja.

Alamu anaimba, foni pakhutu.

"Halo madamu! Halo? Mukuti bwanji? Sindikukumvani, kuno phokoso, koma mverani ine. Masamba aja mukudya? Chifukwa ndinamva kwa mnzanga wina kuti bonongwe..."

M'maganizo ndinaona chikwama cha Flossie chikutuluka pakhomo. Ndinatulutsa mamonita n'kuwakankhira m'dzanja.

"Valani awa, mumumva."

Anawalumikiza ku foni, anavala. Phokoso lonse linatsekeka, ndinaonera pankhope.

"Eya, tsopano ndikukumvani! Ndimati bonongwe..."

Monita anasolomoka. Anamubwezera.

"Pepani madamu, ndi zinthu zangazi, paja ndinakuuzani kuti apongozi..."

Anasolomokanso. Alamu anatukwana pang'ono m'Chiarabu, anamubwezera, n'kutseka pakamwa kuti amve ngati Flossie akadalipo. Ndipo Flossie, amene anali atadikira mpata umenewu miyezi yonseyi, analowa pomwepo.

Zimene ankanena ine sindinamve. Ndinkangoona alamu. Chibwano chinagwedera kamodzi ngati afuna kuyankha, koma mawu a Flossie ndi aang'ono, ndipo kutsegula pakamwa kukanawataya m'phokoso lija. Anatsekanso. Anakhala pa kakhoma ka m'mphepete mwa madzi, zala zili pamakutu. Patapita kanthawi anati, "Mmm." Pambuyo pake anandiuza kuti Flossie anafunsa ngati alipo, poti chikwatiranireni anali asanawamvepo ali chete.

"Mmm," anateronso. Misozi inayamba kutsika, kulowa m'ndevu, iwo osapukuta.

Ndinachita manyazi kuima pomwepo ngati ndikuonera mpira. Ndinapita kukagula tiyi wa karaki, makapu awiri, ndikuyenda pang'onopang'ono dala. Pobwerera ndinawapeza momwemo, pakamwa potseka. Ndinamwa wanga, wawo anazizirira m'manja mwanga.

Atamaliza anavula mamonita, n'kukulunga waya mosamala pa zala.

"Alamu," anatero, mawu ali pansi. "Flossie anapita padera. Kalekale. Anagona m'chipatala yekha, anatuluka yekha. Ine tsiku lililonse ndikumuuza za masamba."

Zinandipweteka kwambiri. Ndi mlongo wanga, ndinakula naye nyumba imodzi, ndipo nanenso sindinadziwe. Ndinakhala pambali pawo pa kakhoma paja, tonse tikuyang'ana madzi.

"Ndiye akupita kwa amayi?" ndinafunsa.

"Ayi. Akuti ndiimbenso mawa. Pali zina sanamalize."

Tinanyamuka kulowera ku siteji. Anayenda mtunda wonsewo osanena kanthu, ndipo kunena zoona ndinalakalaka atandisokosa. Basi itaonekera anandigwira pamkono.

"Muwauze apongozi kuti mawa ku kiliniki sindibwera."

"Nanga mamonita?"

"Akundikwana."