Pemphero la Kalipentala

Chikwama chinali kale pakhomo, koma kalipentala ankangozungulirabe m'nyumba ngati wataya kiyi. Anatsegula zenera n'kulitsekanso. Anagwedeza mpando umene anakhoma yekha, nadandaula kuti mwendo umodzi wafupika. Mwana wake wamkazi, yemwe anali atangomaliza maphunziro a unamwino, ankanyamuka m'mawa umenewo kukayamba ntchito kutali, ndipo galimoto yodzamutenga inali m'njira.

Mkazi wake anamukokera kukhitchini.

"Bambo, timupempherere mwanayu asanapite. Koma chonde, lero mulankhule ndi Mulungu, osati ndi ife."

"Nanga masiku onsewa ndimalankhula ndi ndani?"

"Mumatikalipira mutatsinzina. Dzulo munauza Mulungu kuti ndapsereza poto. Mukuyesa fungo lija sanalimve yekha?"

Mayiyu sankanama. Kalipentala sankatha kumuuza munthu mawu pamaso. Akakwiya ankasunga nkhani mpaka nthawi ya pemphero, n'kuitumiza kumwamba mokweza, mwininkhani atagwada pompo, wopanda poyankhira. Ndani angadule pemphero? Mwanayo anakula akumva zolakwa zake zonse maso ali chitsekere. Sabata yathayo anali atawauza amayi ake kuti bambo akadzachitanso zimenezo pa tsiku lotsanzikana, asadzamuyembekezere pa tchuthi.

Atatuwo anaimirira pabalaza n'kugwirana manja.

"Atate wakumwamba," anayamba kalipentala, "tikuthokoza chifukwa cha mwanayu. Mumuyendetse bwino. Mukudziwa inu kuti ntchito inapezeka pafupi pompano, koma iyeyu ndi kusamva kwake..."

Dzanja la mwanayo linachoka m'dzanja lake. Anamva mapazi akulowera kukhomo, kenako chikwama chikukokedwa. Mkazi wake anamufinya chala mpaka kuwawa.

Kalipentala anafunafuna mawu ena opitirizira pemphero. Mawu onse amene anakonza chidzukire anali a mtundu womwewo: za foni imene mwanayo sayankha, za anzake, za kugona mpaka dzuwa kuswa mtengo. Atawachotsa amenewo anapeza kuti kwa Mulungu alibe chonena. Zaka makumi awiri akutsogolera mapemphero m'nyumba imeneyi! Manyazi anamugwira.

Panja galimoto inaliza hutala.

"Ambuye," anatero patapita nthawi, mawu ali pansi, "ndikuchita mantha. Chibadwire mwanayu sindinadzukepo m'nyumba muno iye mulibe. Ndimusowa, koma sindidziwa kanenedwe kake, ndiye ndimangokalipa. Wosamva ndine. Mundithandize."

Pamenepo mawu anamuthera. Ngakhale ameni sanatuluke. Anaima chitsinzinire, dzanja limodzi lili lende, akuopa kutsegula maso kuti angaone pakhomo palibe munthu.

Hutala inaliranso, ulendo uno motalika. Chitseko chinatseguka.

"Adalaivala, tadikirani pang'ono," anamveka mawu a mwanayo, "kuno tikupemphera."

Chitseko chinatsekeka. Mapazi aja anabwerera pang'onopang'ono, ndipo dzanja lofewa linalowanso m'dzanja lake lokhakhala.

"Pitirizani, bambo," anatero mwanayo. "Sindinakumvenipo mukupemphera."